Mlonda wa Pikapu ya Alamu

Pa banja lathu palibe amene wadutsa malire kambirimbiri kuposa achemwali anga. Mapasipoti awiri anadzaza ndi zidindo, yachitatu ili pakati. Koma mukawafunsa kuti tauni ya kutsidyako njotani, akuuzani za khoma lakumbuyo kwa sitolo ya matailosi, za mtengo wa pamalo omwetsera mafuta umene unadulidwa chaka china, ndi za mayi wogulitsa nthochi amene anamudziwa ali ndi pakati, pano mwanayo ali ku sekondale. Zina zonse sanazione. Kwa zaka khumi ndi zisanu ntchito yawo inali kukhala m'pikapu ya amuna awo kuti isabedwe.

Ine ndine mng'ono wawo, ntchito yanga ndi ya utelala, ndipo kwathu amati pakamwa panga sipachedwa. Kufatsa konse kwa amayi athu anatengera ndi achemwali, ine anandisiyira zotsalazo.

Alamu anga, amene madalaivala anzawo amawatchula kuti a Maloko, sanabadwe ndi mtima wokayikira aliyense. Pikapu yawo yoyamba anaigula atasiya ntchito ku fakitale ya sopo, n'kuyamba kunyamulira eni masitolo katundu kuchokera kutsidya kwa malire: matailosi, penti, malata. Ulendo wachisanu anaimika galimoto kutsogolo kwa sitolo, n'kulowa kukasaina pepala limodzi lokha. Potuluka anapeza kadontho ka madzi pamene panali galimoto. Anabwerera kunyumba pa basi, makiyi ali m'thumba, ndipo sabata yathunthu sanalankhule ndi munthu. Zaka zisanu ndi chimodzi anayendetsa lole ya eni ake, kutukwanidwa ndi bwana wamsinkhu wa mwana wawo, mpaka anagula pikapu ina, yoyera, yogwiritsidwapo kale ntchito. Imeneyo ndiyo inatisowetsa mtendere tonse.

Anagula unyolo womangira ng'ombe, wochokera pa chiwongolero kufika pa chopondera mabuleki, ndi maloko awiri. Galimotoyo sankaitsuka dala kuti izioneka yakutha, ndipo pamene inagundidwa kumbuyo anakana kuwongoletsa. Tsiku lina Lamlungu anatumiza banja lonse ku tchalitchi, natseka geti, n'kuika okha kaswichi kobisika kotseka mafuta. Makaniko sanamufune, ati makaniko aliyense ali ndi anzake omwa nawo mowa. Kumene anaika kaswichiko sanauze munthu, ngakhale mkazi wawo. Nthawi iliyonse asanalize injini ankati, "Amayi, tapitani mukaone zingwe kumbuyoko." Achemwali ankatsika, n'kukakoka zingwe zimene anamanga okha ndipo ankadziwa kuti zili bwino, pobwera n'kupeza injini ikulira. Galimoto ikakhala yopanda katundu ankatumidwa kukaona tayala.

Ndinawafunsapo alamu tsiku lina tikumwa tiyi kwawo.

"Kodi alamu, achemwali angawa munawakwatira kapena munawalemba ulonda?"

"Mlamu," anatero osandiyang'ana n'komwe, "makina ako osokera umagona nawo m'nyumba. Anga ali ndi matayala, amathawa."

"Nanga kaswichi kanuko bwanji osawauza? Mukuganiza kuti aiba ndi iwowo?"

"Akuba akawaloza ndi mpeni, anena chiyani ngati sakudziwa? Ndikuwateteza."

Achemwali anangoseka pang'ono n'kutolera makapu. Ine ndinapsa mtima m'malo mwawo, monga ndakhala ndikuchitira kuyambira tili ana.

Pachipata cha m'malire ndiye panali pa ntchito yeniyeni. Galimoto zimaima pamzere kunja, madalaivala n'kulowa mu ofesi ndi mapepala a katundu, ndipo mmenemo munthu amatha kutha maola atatu. Alamu ankamanga unyolo wawo, kutenga makiyi onse, n'kusiya lamulo limene achemwali ankatha kulinena ngakhale ali m'tulo: zitseko mukhome, galasi mukweze. Wina akabwera kuti ndikukuitanani, ndi wakuba. Akabwera atavala yunifolomu, ndi wakuba wovala bwino. Ngakhale anene kuti ndagwa kapena ndafa, musatsike. Ndikakufunani ndibwera ndi miyendo yangayi.

Sindinganame kuti zinali zopusa zokhazokha. Dalaivala wina mnzawo anaberedwa galimoto mwanjira yomweyo, m'bale wake amene anamusiya m'galimotomo atauzidwa kuti akufunika mkati kukasaina. Kwa achemwali nakonso akuba anayesapo kawiri. Wina anagogoda pagalasi kuti tayala laphwa, wina anati chikwama chawo chagwa pansi. Iwo anangoyang'ana kutsogolo ngati sakumva, anthuwo n'kuchoka. Alamu atamva sanathokoze, anangoti n'zimene ankanena zija.

Mzere ukasuntha, akumbuyo ankaliza mahutala n'kuwatukwana achemwali kuti asunthe galimoto, iwo alibe makiyi, kuyendetsa sadziwanso. Anaphunzira kumeza zonsezo. Anaphunziranso kusamwa madzi kuyambira m'mawa, chifukwa womwa madzi amafuna kotaya madzi, ndipo chimbudzi chinali kuseri kwa ofesi. Miyendo yawo inayamba kutupa. Mkono wa kuzenera unada kuposa unzake. Akabwera kwa ine kudzasoketsa zovala ankafuna diresi yosathina m'chiuno, ya nsalu yosagwira thukuta, ndipo ankagona pampando ndisanamalize kuwayeza.

Tsiku limene ndikufuna kunenali linali Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo. Anali pobwerera, matailosi ali tho kumbuyo, atatsala ndi chipata chokha kuti alowe m'dziko lakwathu. Alamu anadandaula za mutu kuyambira m'mawa, koma mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi anali atawasiya kunyumba, ndipo kuima pa famase kukanatanthauza kuimika galimoto pamalo osawadziwa. Anamanga unyolo, nalowa mu ofesi. Zimene zinatsatira anandiuza achemwali eni ake.

Patapita ola limodzi kunabwera mayi wina wosesa, tsache lili m'manja, n'kugogoda pagalasi.

"Mayi, ndinu akazi a bambo a malaya abuluu aja? Agwa mkatimu. Fulumirani."

Achemwali akuti anafuna kutsika, kenako anakumbukira lamulo lija. Mawu a mayiyo anali omwe aja amene alamu anawachenjeza, osasintha ngakhale pang'ono. Anakweza galasi limene anali atatsitsa pang'ono kuti mpweya uzilowa, n'kuyang'ana kutsogolo. Mayi uja anagogoda, nalozera ku ofesi, nagogodanso, mpaka anagwira m'chiuno n'kubwerera.

Atachoka, achemwali anatenga foni n'kuimbira amuna awo. Anayankha munthu wachilendo. Anadula msangamsanga, poganiza kuti basi, foni yabedwa kale, tsopano akufuna galimoto.

Wachiwiri anali bambo wa yunifolomu, wamtali, thukuta lili kamukamu. M'manja ananyamula makiyi a alamu, ndi kachingwe kofiira kamene achemwali anamangirirako okha. Analankhula mwaulemu kuti ambulansi ili kutali, chachangu n'kuwatengera bambowo kuchipatala pa galimoto yawo yomweyi, dalaivala apezeka. Achemwali ataona makiyi m'manja mwa mlendo anangoti ndi wakuba wovala bwino uja. Bamboyo atalowetsa kiyi pachitseko, iwo anakanikiza kabatani kokhomera ndi chala chachikulu, dzanja linalo n'kutsamira pa hutala osalekeza. Anthu anasonkhana. Bamboyo anayesa chitseko chinacho, iwo n'kudumphira komweko. Anawachonderera, kenako anawakalipira, iwo misozi ili chuchuchu koma chala osachotsa.

Achemwali anakhulupirira pamene amuna anayi anatuluka mu ofesi atanyamula benchi. Pabenchipo panali alamu, nsapato imodzi itavuka, pakamwa patapotokera mbali imodzi, maso ali pwii. Kuchokera pamene mayi wosesa anagogoda koyamba panali patadutsa pafupifupi ola lathunthu.

Achemwali anatsekula chitseko. Anthu anatsitsa mabokosi ena a matailosi kuti odwala agone kumbuyo. Dalaivala wina wa lole anamasula maloko, nachotsa unyolo, napotokola kiyi. Injini inangokhosomola osalira. Anayesanso, chimodzimodzi.

"Mayi, galimotoyi ili ndi swichi yobisika. Ili pati?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Simukudziwa bwanji? Si ya amuna anu?"

"Ndi yawo. Sanandiuze."

Anafunsa alamu eni ake, koma pakamwa pawo pankangotuluka malovu. Anafufuza pansi pa chiwongolero, anatsekula boneti, anaikankha mpaka pafupi ndi mpanda, achemwali ali pampando wawo atagwira mutu. Galimoto imene akuba sakanatha kuiliza inakananso kunyamula mwini wake. Pomaliza anawakweza pa kagalimoto ka munthu wogulitsa mazira kamene kankabwerera ku tauni ya kutsidyako. Achemwali asanakwere anabwerera n'kumanganso unyolo uja ndi maloko onse awiri, anthu akuwayang'ana.

Anandiimbira ali kuchipatala. Ndinatseka shopu, diresi ya ukwati ya munthu ili pamakina, n'kukwera basi. Ndinawapeza madzulo atakhala pa simenti kunja kwa wodi, nsapato ya alamu ili pamiyendo. Anandiuza kuti ndi sitiroko, mbali yonse ya kumanja yafa, ndipo namwino ananena kuti matenda amenewa amafuna kuthamangira, akanafika msanga mwina mkono ndi mwendo zikanapulumuka. Ananena zimenezo ndi mawu ouma, ngati akuwerenga chikwangwani. Kenako anandipatsa makiyi.

"Upite ukakhale m'galimoto. Ili yokha kuyambira masana."

"Achemwali, mutu wanu ukuyenda bwino? Amuna anu sakulankhula, inu mukuganiza za chitsulo?"

"Akadzuka adzafunsa. Chonde, mng'ono wanga, ndilibe mphamvu zokangana nawe."

Ndinapita, koma ndikulalata njira yonse.

Masiku awiri ndinakhala pampando wa achemwali. Siponji yake inali italowa mkati molingana ndi thupi lawo, moti ine wochepa thupi ndinkangomira. Pazenera panali kansalu kotchinga dzuwa, kotsala pa diresi imene ndinawasokera kalekale, atakapanikiza ndi mapini. M'kabokosi kakutsogolo munali buku la nyimbo lothothoka masamba, chipeso, ndi botolo la madzi losatsekula. Kutsogolo kwanga kunali mpanda wa waya ndi kumbuyo kwa malole. Pofika masana a tsiku loyamba msana unali utauma, mutu ukuwawa, ndipo ndinali nditatukwana kale anthu atatu amene anangodutsa pafupi. Ndinazindikira kuti munthu ukakhala mmenemo, aliyense amaoneka wakuba, ngakhale wogulitsa mtedza. Ndinachita manyazi pokumbukira mmene ndinkawasekera achemwali kuti ntchito yawo ndi yongokhala.

A mu ofesi anandiuza kuti pikapuyo singakhale pampanda mpaka kalekale. Ikafika Lachisanu ili pompo aikokera kumalo osungira galimoto zogwidwa, ndipo madalaivala anandinong'oneza kuti yolowa kumeneko kuitulutsa ndi nkhani ya miyezi. Ndinaitana makaniko. Tsiku lonse la Lachinayi anagona chagada pansi pa chiwongolero, akutsatira mawaya mmodzimmodzi, ine ndili pampando kumuyang'anira. Madzulo anapukuta manja n'kunena kuti bambo ameneyu anaika mawaya ena onamizira, opita kopanda kanthu, ndipo kuti asaononge zambiri ndi bwino kukafunsa mwini wake.

Lachisanu m'mawa ndinakhoma zitseko n'kuisiya. Ndinati mumtima, amene angathe kuiliza aitenge, wandithandiza.

Alamu anali atayamba kutulutsa mawu, limodzilimodzi, ngati munthu wotafuna chinthu chotentha. Anali atachepa pabedipo. Achemwali ankawapukuta pakamwa ndi kansalu. Atandiona ndikulowa, diso lawo labwinolo linathamanga kuchoka pa ine kupita pa mkazi wawo, n'kubwereranso pa ine.

"Gali... moto?"

"Ili bwino, alamu. Mlonda wa pa ofesi akuiyang'anira," ndinanama.

Kenako anakoka diresi ya achemwali ndi dzanja lamanzere.

"Ata... bwera. Kudza... kuitanani. Muna... tsika?"

Achemwali anaika kansalu kaja m'mbale. Ndinaona kuti funso limeneli analidikira masiku atatu, ndipo anali atakonzeka kulandira chilichonse.

"Ayi, abambo. Anabwera kawiri. Woyamba mayi wosesa, wachiwiri wa yunifolomu, ali ndi makiyi anu. Sindinatsike. Ndinakuchedwetsani ola lathunthu muli pansi. Anamwino akuti mukanafika msanga..."

Alamu anagwedeza mutu kuti asiye. Anavutika kusonkhanitsa mawu, malovu akutsika, mpaka anatuluka.

"Muna... chita... bwino, amayi."

Ine magazi anandikwera kumutu. Ndinafuna kuwauza kuti taonani mkono wanuwo, taonani mwendowo, ndi zimene mukuti zabwinozo. Ndinatsekula pakamwa, koma achemwali anandigwira padzanja n'kufinya mpaka zikhadabo zinalowa. Ndinameza.

Achemwali anawafotokozera za Lachisanu, zimene ndinali nditawauza kale pafoni, kuti galimoto ikokedwa lero lomwe ngati silira, ndipo afunika kunena pamene pali kaswichi. Alamu anayang'ana odwala a pabedi loyandikana, nayang'ana ine. Ndinamva, ndinatuluka ndekha asanandithamangitse. Pazenera ndinaona achemwali atawerama, khutu lili pakamwa pa amuna awo, kwa nthawi yaitali. Potuluka sanandiuze kanthu, anangoti tiye.

Titafika pachipata tinapeza pikapu ili momwe ndinaisiyira, makaniko akudikira pamthunzi. Iye anatsekula chitseko cha dalaivala, koma achemwali anazungulira kumbali yawo. Anagwada pafumbi, nalowetsa mkono pansi pa mpando umene ankakhalapo, mkati mwenimweni kuseri kwa zitsulo. Panamveka kaphokoso kakang'ono. Makaniko atapotokola kiyi, injini inalira nthawi yomweyo, bwinobwino, ngati sinavutepo.

Achemwali anakhalabe chogwada, dzanja lili pampando.

"Tsiku lija akuikankha, ine ndinali nditakhala pomwepa," anatero.

Makaniko anayang'ana kumbali n'kuyamba kulongedza masipanala ake.

Pikapu anaibweretsa kunyumba ndi dalaivala mnzawo wa alamu, matailosi anafika kwa eni ake atasweka mabokosi awiri okha. Alamu anatuluka m'chipatala patatha milungu itatu. Pano amayenda ndi ndodo, kukoka mwendo, ndipo mkono wamanja umangolendewera. Galimoto ili pabwalo, unyolo uli pachiwongolero. Anthu abwera ofuna kuigula, ena ofuna kuiyendetsa n'kumagawana phindu, onse awakana. Amakhala pakhonde kuiyang'ana, ndipo Loweruka lililonse amatuma mkazi wawo kuti akailize pang'ono batire lisafe. Achemwali anayamba kugulitsa makala ndi mafuta ophikira pageti. Kusambitsa, kuveka, kudyetsa, zonse ndi iwo.

Mwezi wathawu anabwera ku shopu ndi mathalauza anayi a alamu m'jumbo, kuti ndichotse mabatani ndi zipi n'kuika lasitiki, poti ndi dzanja limodzi sangathe kumanga. Anakhala pa kampando ka pakhomo, atatambasula miyendo yotupa ija. Ndinayamba kudula ulusi ndi lezala, ndipo poti pakamwa panga ndi pomwe paja, ndinayamba kuwalangiza. Ndinati asamadziimbe mlandu, iwo anangochita zimene anauzidwa zaka khumi ndi zisanu, wolakwa ndi amene anaika lamulolo. Ndinati ngakhale akanatsika msanga, galimoto sikanalira. Ndinalankhula zambiri, iwo akungoyang'ana msewu.

"Zimenezo ndinaziganiza kale zonse," anatero nditatopa. "Si zimene zimandisowetsa tulo."

"Nanga ndi chiyani?"

Anatenga thalauza imodzi, naipinda pamaondo, naipindulanso.

"Zaka zonse zija sanandiuzepo kuti ndachita bwino. Pa galimoto, pa ana, pa chilichonse. Anadzanena tsiku lija, pakamwa patapotoka, mkono utafa chifukwa cha ine." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndipo ine ndinasangalala, mng'ono wanga. Munthu ali gone pabedi, ine mumtima ndinasangalala."

Ndinaika lezala pansi. Kasitomala wina anasuzumira pakhomo kufunsa za siketi yake, ndinamuuza kuti abwere mawa.